Kagalu kanga kakuthothoka ubweya mwa zigambazigamba, ndikathandize bwanji?

Mayi a ku Chilomoni:
Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Ndili ndi kagalu ka miyezi isanu, kobadwa kwa galu wachikuda ndi German Shepherd, ndipo kayamba kuthothoka ubweya m'malo atatu: mozungulira diso lakumanzere, m'mbali mwa mlomo, ndiponso pa mwendo umodzi wakutsogolo. Zigambazo ndi zazing'ono, khungu lake likuoneka lotuwa ndi lofiirira pang'ono, koma kagaluko sikakudzikanda, kakudya bwino ndiponso kakusewera monga mwa masiku onse. Agalu akuluakulu awiri amene ali pakhomo pano alibe vuto lililonse. Anthu oyandikana nawo nyumba andilangiza kuti ndikapake oilo wakutha wa galimoto, koma mtima wanga sukuvomera, makamaka chifukwa chigamba chimodzi chili pafupi kwambiri ndi diso. Ana anga amakanyamula tsiku lililonse, choncho ndikufunanso kudziwa ngati angatengere matendawa.

Bambo a ku Mponela:
Mayi, zimenezo ndi mphere basi. Ife kuno timagula ivermectin, yemwe uja timabaya nkhumba ndi mbuzi, n'kubaya galuyo, ndipo pakapita milungu ingapo ubweya umameranso. Za oilo wakutha ndaziona kwa anthu ambiri, ndipo ena amanena kuti zimathandiza, ngakhale kuti ine ndimadalira jakisoni.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito:
Mayi a ku Chilomoni, mtima wanu ukukuuzani zoona, oiloyo musapake. Oilo amene wagwira ntchito mu injini amakhala ndi zitsulo ndi zinthu zina za poizoni, amawaula khungu limene lili kale pamavuto, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoniyo n'kuyamba kusanza kapena kuwonongeka chiwindi ndi impso. N'chimodzimodzinso ndi parafini ndi dizilo. Anthu amene amati oilo anachiza galu wawo nthawi zambiri amakhala kuti galuyo anali ndi vuto limene likanatha lokha.

Bambo a ku Mponela sanalakwe kutchula mphere, koma mphere za agalu zilipo mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kasamalidwe kake n'kosiyana. Mtundu woyamba umayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes, kamene kamaboola khungu n'kumaikira mazira mkati mwake. Galu amene ali ndi mphere zimenezi sapeza tulo, amadzikanda usana ndi usiku mpaka kutuluka magazi, ndipo ubweya umayamba kutha m'mphepete mwa makutu, m'zigongono, m'zidendene ndi kumimba. Mpherezi zimafalikira msanga kwa agalu ena, ndipo anthu a pakhomopo amatuluka tiziphuphu toyabwa m'mikono ndi m'chiuno, ngakhale kuti mwa munthu kachilomboka sikakhalitsa galuyo akangochira. Pali njira yachidule imene tinkagwiritsa ntchito kumunda: ukatikita m'mphepete mwa khutu la galuyo ndi zala, iye amayamba kupalasa mwendo wakumbuyo ngati akudzikanda. Njirayi si umboni wokwanira, koma imathandiza kuloza kumene vuto lili.

Mtundu wachiwiri umayamba ndi kachilombo kotchedwa Demodex, kamene kamakhala m'timabowo momwe ubweya umamerera. Pafupifupi galu aliyense ali nato tizilomboti pang'ono, ndipo amatitenga kwa mayi ake m'masiku oyambirira akuyamwa. Vuto limabwera pamene chitetezo cha m'thupi chafooka kapena sichinakhwime, tizilomboto n'kuchulukana kuposa muyeso. N'chifukwa chake timaziona kwambiri mwa tiagalu tosakwana chaka, ndipo malo ake ndi omwe mwatchulawo: m'maso, m'milomo ndi miyendo yakutsogolo, malo amene kagalu kamakhudza mayi ake poyamwa. Msinkhu wa kagalu kanu, malo a zigambazo, kusadzikanda kwake, ndiponso kuti agalu ena awiriwo ali bwino, zonsezi zikundichititsa kuganiza za mtundu wachiwiriwu, umene sufalikira kwa anthu. Komabe maganizo anga asalowe m'malo mwa kuyeza.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ndikupempha kuti tisafulumire kuchotsa chipere pa nkhaniyi. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndimaona ana ambiri a zipere m'mutu, ndipo ukafunsa bwino umapeza kuti ena mwa iwo amasewera ndi tiagalu kapena amphaka okhala ndi zigamba zozungulira. Zimene Mayi a ku Chilomoni afotokoza zikufanananso ndi chipere, chifukwa nachonso sichiyabwa kwambiri mwa galu. Adokotala amene muli pagulu pano, kodi munthu wamba angasiyanitse bwanji ziwirizi pongoona?

Dotolo wa ziweto:
Aphunzitsi, yankho loona ndi lakuti pongoona sangasiyanitse, ndipo ngakhale ife amene tinaphunzira ntchitoyi timalakwitsa tikadalira maso okha. Pali matenda atatu amene amapanga zigamba zozungulira zofanana kwambiri: mphere za Demodex, chipere, ndi mabakiteriya amene amalowa m'timabowo ta ubweya. Pa atatuwa, amene amapezeka kawirikawiri mwa agalu akuluakulu a ubweya waufupi ndi mabakiteriya, makamaka a mtundu wa Staphylococcus, ndipo agalu ambiri amene eni ake amabwera nawo akunena kuti ali ndi chipere amapezeka kuti vuto lawo ndi limeneli. Mukayang'anitsitsa mumaona tiziphuphu ta mafinya, kapena mkombero wa khungu lofunduka m'mphepete mwa chigambacho, ndipo ubweya umaoneka ngati bulangete lodyedwa ndi njenjete.

Chipere chimayamba ndi mafangasi, ndipo amene amapezeka kwambiri ndi Microsporum canis, yemwe nthawi zambiri amachokera kwa amphaka. Ena amachokera m'dothi kapena kwa makoswe, choncho galu wokonda kukumba amatha kukhala nacho pamphuno ndi m'mapazi. Ubweya wa pamalopo umathyoka n'kutsala tizitsa tating'ono, ndipo pamakhala mfundu ngati phulusa. Chipere chimafalikira kwa anthu, makamaka ana ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika, ndiye nkhawa ya Aphunzitsi ndi yomveka. Mpaka kagaluko katayezedwa, ana asakanyamule pakhosi kapena kugona nako, ndipo azisamba m'manja ndi sopo akakagwira.

Kuyeza kwake si kovuta monga anthu amaganizira. Timafinya khungu la pa chigambacho, n'kulipala ndi kalumo mpaka patayamba kuoneka timadontho ta magazi, kenako timaika zimene tapalazo pa galasi ndi dontho la mafuta n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Tizilombo ta Demodex timaoneka mosavuta, ndi tatitali tokhala ndi timiyendo tifupitifupi kumutu, ndipo yankho limapezeka tsiku lomwelo. Ta Sarcoptes timavuta kupeza chifukwa timakhala tochepa, moti kusapezeka kwake pa galasi sikutanthauza kuti galuyo alibe. Pa chipere timazula ubweya wa m'mphepete mwa chigamba n'kuuyang'ana, kapena kuunika ndi nyali yapadera imene imachititsa ubweya wogwidwa ndi Microsporum canis kuwala mobiriwira, ndipo pakafunika timaudzala mu labu, zimene zimatenga milungu iwiri kapena itatu. Mayi a ku Chilomoni, inu muli mu Blantyre momwe muli zipatala za ziweto, kuphatikizapo ya bungwe la BSPCA, choncho pitani nako kagaluko musanakapake chilichonse, chifukwa mafuta opaka amasokoneza zotsatira.

Bambo a ku Mponela:
Adokotala, zimene mukunenazo ndi zabwino kwa anthu a m'tauni. Koma munthu wa kumudzi amene ali kutali ndi maikulosikopu, ndipo ndalama imene ali nayo ndi yogulira feteleza, mukumuuza kuti achite chiyani? Galu wake akudzikanda mpaka kusanduka zilonda zokhazokha, ndipo mankhwala amene ali pafupi ndi ivermectin wa m'sitolo ya zaulimi. Kodi angokhala n'kumayang'ana chifukwa palibe woyeza? Kwa ife galu si wa pa sofa ayi, ndi mlonda wa khola la mbuzi, ndipo akafooka akuba amadziwa msanga.

Dotolo wa ziweto:
Bambo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindikufuna kulizemba. Galu amene akudzikanda kwambiri, ali ndi nkhanambo m'makutu ndi m'zigongono, ndipo agalu anzake kapena anthu a pakhomopo nawonso ayamba kuyabwa, ifenso timamupatsa mankhwala a mphere ngakhale tisanaone kachilomboko, ndipo akachira timadziwa kuti zinali zomwezo. Pa mphere za Sarcoptes, ivermectin amagwiradi ntchito. Chimene ndikukana ndi kubaya mongoyerekeza. Ivermectin wa ng'ombe ndi nkhumba ndi wamphamvu, mililita imodzi imakhala ndi mamiligalamu 10, ndipo galu wolemera makilogalamu 10 safunika ngakhale theka la mililita. Ndaonapo agalu amene anabayidwa mlingo wa nkhumba, atafika akudzandira, akutuluka dovu, maso atatong'oka osaona, ndipo ena sanadzukenso. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene amapezeka ku ofesi ya zaulimi ya EPA, akhoza kuyeza galuyo pa sikelo, kuwerengera mlingo, ndi kubaya yekha, ndipo mtengo wake sungafanane ndi kutaya mlonda wanuyo.

Chinanso n'chakuti jakisoni mmodzi sakwanira. Mankhwalawa sapha mazira, ndipo kachilomboka kamatenga pafupifupi milungu itatu kuchokera ku dzira kufika poikiranso mazira, choncho jakisoni amabwerezedwa pakapita milungu iwiri, nthawi zina katatu. Agalu onse a pakhomopo ayenera kulandira mankhwala nthawi imodzi ngakhale amene sakudzikanda, ndipo masaka amene amagonapo achapidwe ndi madzi otentha kapena atenthedwe. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu ingapo tizilombo titafa kale, ndiye musathamangire kuonjezera mlingo poganiza kuti mankhwala alephera.

Pa Demodex nkhani ndi ina. Jakisoni wa apo ndi apo sathandiza kwenikweni, chifukwa ngati tagwiritsa ntchito ivermectin, galuyo amafunika kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, moyang'aniridwa. Ndipo ngati vuto ndi chipere kapena mabakiteriya, ivermectin sachita kalikonse, ndalamayo yangopita pachabe.

Achimwene a ku Johannesburg:
Ndikufuna kuikira umboni pa zimene Adokotala anena za kuopsa kwa ivermectin. Pakhomo pamene ndimagwira ntchito kuno pali agalu awiri a mtundu wa Collie, ndipo dotolo wa ziweto anatichenjeza kuti agalu amenewa asayandikire ngakhale mankhwala a njoka za m'mimba a akavalo, chifukwa ali ndi ivermectin. Mmodzi atagwidwa mphere anangopatsidwa piritsi lotafuna lotchedwa Bravecto, ndipo ubweya unabwerera wonse. Kodi mapiritsi amenewa kumudzi kwathuko akupezeka? Ndikufunsa chifukwa kagalu ka Mayi a ku Chilomoni kali ndi magazi a German Shepherd, ndipo ndinamva kuti nawonso ena amakhala ndi vuto lofananalo.

Dotolo wa ziweto:
Achimwene, munamva zoona. Mu 2001 akatswiri a ku Washington State University ku America anapeza kuti agalu ena amabadwa ndi chilema mu jini (kagawo ka chibadwa kotengera kwa makolo) yotchedwa MDR1, imene ntchito yake ndi kutchinga mankhwala ena kuti asalowe mu ubongo. Chilemachi n'chofala kwambiri mwa ma Collie ndi ma Australian Shepherd, ndipo chimapezekanso mwa ma German Shepherd ena, ngakhale kuti ndi ochepa. Galu wosakanikirana akhoza kutengera, ndipo kunja sizioneka. Ichi ndi chifukwa china chosabayira kagalu ka mayiwa mwachimbulimbuli.

Mapiritsi otafuna amene mwatchulawo, monga Bravecto, NexGard ndi Simparica, anayamba kugulitsidwa zaka khumi ndi zingapo zapitazo ngati mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa, ndipo kenako zinadziwika kuti amaphanso tizilombo ta mphere za mitundu yonse iwiri. Bravecto amagwira ntchito kwa milungu 12, pamene enawo amaperekedwa mwezi ndi mwezi. Amapezeka m'zipatala zina za ziweto za m'mizinda ikuluikulu, koma ndi odula, ndipo amagulitsidwa molingana ndi kulemera kwa galu. Mu 2018 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti agalu ena amanjenjemera kapena kugwa khunyu akamwa mankhwala a gulu limeneli, choncho galu amene anagwapo khunyu asapatsidwe dotolo asanadziwitsidwe. Ndikuchenjezanso amene amatumiza mankhwala kumudzi kuti afunse kaye kulemera kwa galuyo, osati kungogula lalikulu kuti anthu azikagawa ndi mpeni.

Mayi a ku Chilomoni:
Zikomo nonse chifukwa cha malangizo anu. Ndinapita nako kagalu kaja, anakapala khungu monga anafotokozera Adokotala, ndipo anandionetsa tizilombo ta Demodex pa maikulosikopu. Chipere sanachipeze. Anandiuza kuti poti zigamba ndi zochepa ndipo mulibe mafinya, tiyambe tadikira, chifukwa tiagalu tambiri timachira tokha m'miyezi iwiri chitetezo chikamakhwima. Anakapatsa mankhwala a njoka za m'mimba, anandipatsa sopo wa chlorhexidine wosambitsira malowo, ndipo anati ndibwerere pakatha mwezi, kapena msanga ngati zigamba zikuchuluka kapena kufika m'mapazi. Anandifunsanso zimene kamadya, ndipo nditanena kuti ndi mkute ndi phala la gaga, anandiuza kuti ndisinthe. Kodi ndingakapatse chiyani chosafuna ndalama zambiri?

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito:
Mayi, nkhani ya chakudya ndi imene anthu ambiri amaidumpha, chonsecho ndi muzu wa mavuto ambiri a khungu mwa agalu athu. Ubweya umapangidwa ndi zomanga thupi, ndipo galu amene akudya nsima yokha thupi lake limasunga zomanga thupi zochepazo kuti zithandize ziwalo zofunika kwambiri, ubweya n'kumauma, kutuwa ndi kuthothoka. Gaga ali ndi vuto linanso lakuti amagwira mchere wa zinki m'matumbo kuti usalowe m'thupi, ndipo galu woperewera zinki amachita nkhanambo m'maso, m'milomo ndi m'zigongono, zimene munthu angaziyese mphere. Simukufunika kugula chakudya cha m'matumba cha kusitolo. Gulani zinyenyeswa za usipa, bonya kapena matemba zimene amalonda amagulitsa motchipa, muziviike kuti mchere uchepe, muziphikire limodzi ndi phalalo, muonjezere dzira lophika masiku ena, zam'kati za nkhuku kapena chiwindi pang'ono, maungu, ndi supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Musaike anyezi, chifukwa amawononga magazi a galu. Kagalu ka miyezi isanu kazidya katatu pa tsiku, osati kamodzi madzulo monga timachitira ndi agalu a ulonda.

Ndionjezere chinthu chimodzi chimene oweta agalu ogulitsa sakonda kumva. Kagalu kamene Demodex wafalikira thupi lonse sikayenera kudzaberekanso, chifukwa kufooka kwa chitetezo kumeneko kumayenda m'magazi, ndipo galu wamkazi wotere vuto limabwerera nthawi iliyonse akafuna mphongo kapena akatenga bere. Kwa kagalu ka zigamba zitatu zokha monga kanu, zimenezi sizikukukhudzani pakali pano.

Bambo a ku Nkhotakota:
Ndalowa mochedwa, koma ndikupempha kuti mundithandize nanenso, chifukwa galu wanga zizindikiro zake sizikugwirizana ndi zimene mwafotokozazi. Ubweya watha pamsana chakumchira ndi kumbuyo kwa ntchafu, ndipo amadziluma pamenepo mpaka kulira. Nsonga za makutu ake zili ndi zilonda zakuda zosapola. Komanso mvula ikayamba amatuluka zithupsa m'mimba ndi m'miyendo, zimene zikaphulika pamatsala timabala topanda ubweya. Utitiri ndafufuza koma ndangoona umodzi kapena uwiri.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito:
Bambo, galu wanuyo ali ndi mavuto atatu osiyana, ndipo onse ndi odziwika bwino kunyanja komweko. Kutha kwa ubweya pamsana chakumchira ndi chizindikiro cha galu amene thupi lake silimvana ndi malovu a utitiri. Kwa galu wotere kulumidwa kangapo kokha n'kokwanira kumuyabwitsa kwa masiku ambiri, ndipo poti amadziluma kwambiri amameza utitiriwo, n'chifukwa chake simukuuona. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, mupese ubweya wa pamsanapo, ndipo tinthu takuda timene tigwe tikasungunuka n'kufiira, amenewo ndi manyi a utitiri, omwe ndi magazi ogayidwa. Utitiri umene uli pa galu ndi gawo laling'ono chabe, chifukwa mazira ndi ana ake ali mu mchenga ndi m'masaka momwe amagona, choncho kusambitsa galu osasesa ndi kutsuka malo ogona n'kungotaya nthawi. Mupatseninso mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa utitiri womezedwawo umanyamula njoka zija zimatuluka ngati timbewu ta mpunga.

Zilonda za m'nsonga za makutu zimachokera kwa ntchentche zoluma zimene zimaswana m'ndowe ndi m'zinyalala zonyowa, ndipo zimavutitsa kwambiri galu womangidwa pafupi ndi khola, yemwe alibe kothawira. Tsukani makutuwo, pakani Vaseline wambiri kapena mafuta othamangitsa ntchentche opangira ziweto, ndipo musunthe galuyo kuti masana azikhala kutali ndi khola.

Zithupsa za nthawi ya mvulazo ndi mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira mu mchenga wa pamthunzi umene wanyowa ndi mkodzo, kapena pa zovala zoyanikidwa pansi, ndipo kamphutsi kamaboola khungu la galu akagona pamenepo n'kukula mkati kwa masiku osapitirira milungu iwiri. Chithupsa chilichonse chimakhala ndi kabowo kopumira pakati. Mukatseka kabowoko ndi Vaseline, mphutsiyo imasuzumira kunja ndipo mukhoza kuifinya pang'onopang'ono kuti ituluke yathunthu, chifukwa ikaphulikira mkati pamachita mafinya. Ubweya wa pamalopo umameranso wokha bala likapola.

Mayi a ku Area 47:
Inenso ndili ndi funso, koma la galu wamkulu wa zaka 8. Ubweya wake wapepuka mbali zonse ziwiri za thupi mofanana, mchira watsala wopanda ubweya, ndipo khungu lada. Sadzikanda ngakhale pang'ono, wanenepa ngakhale kuti chakudya sitinaonjezere, ndipo amangokhalira kugona padzuwa. Tamusambitsa ndi mankhwala a mphere koma palibe kusintha. Munthu wina anandipatsa mafuta a betamethasone kuti ndizimupaka, koma sindinayambe.

Dotolo wa ziweto:
Mayi, zimene mwafotokozazi sizikuloza ku tizilombo ta pakhungu, ndipo kusambitsa ndi mankhwala a mphere musiye. Ubweya ukamatha mofanana mbali zonse ziwiri mwa galu wachikulire amene sakuyabwa, timaganizira za mahomoni. Kunenepa, ulesi, kufuna malo otentha ndi mchira wopanda ubweya zikugwirizana ndi chithokomiro chimene sichikutulutsa mahomoni okwanira. Zimenezi zimatsimikizidwa poyeza magazi, ndipo mankhwala ake, levothyroxine, galuyo amamwa moyo wake wonse. Mphamvu zimabwerera m'milungu yochepa, koma ubweya umatenga miyezi. Vuto lina lofanana nalo ndi matenda a Cushing, pamene thupi limatulutsa mahomoni a cortisol ochuluka, koma galu wake amamwa madzi kwambiri, amakodza pafupipafupi, amadya mosakhuta, mimba imalendewera ndipo khungu limapyapyala. Ngati galu wanu ndi wamphongo wosafula, dotolo ayang'anenso machende ake, chifukwa chotupa cha m'machende, makamaka limene silinatsike, chimathothola ubweya mwa njira yomweyi. Mu Lilongwe mukhoza kufunsa ku LSPCA kapena ku zipatala zina za ziweto za kumene magaziwo angayezedwe.

Mafuta a betamethasone asungeni kutali, ndipo apa ndikulankhula kwa gulu lonse. Mankhwala a gulu limenelo, pamodzi ndi prednisolone ndi jakisoni wa dexamethasone, amaziziritsa kuyabwa mofulumira moti mwini galu amasangalala, koma amatsitsa chitetezo cha khungu. Galu wa Demodex kapena wa chipere akapatsidwa mankhwalawa, zigamba zitatu zimasanduka thupi lonse. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, iwo okha amathothola ubweya ndi kuyambitsa zizindikiro za Cushing zomwe ndatchulazi. Ali ndi malo ake, makamaka kwa galu wosamvana ndi utitiri kwa masiku ochepa, koma pokhapokha titatsimikiza kuti palibe tizilombo tina. Ndipo galu wachikulire akapezeka ndi Demodex kwa nthawi yoyamba, timafufuza matenda ena obisika amene afooketsa chitetezo chake, chifukwa mpherezo zimakhala chizindikiro chabe.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Adokotala, poti kagalu ka Mayi a ku Chilomoni kapezeka kuti kalibe chipere, nkhani ya chipere yatsala m'malere. Kwa amene galu wake wapezeka nacho, achite chiyani kuti chisazungulire pakhomo?

Dotolo wa ziweto:
Aphunzitsi, chipere chimafuna kuleza mtima chifukwa njere za mafangasiwo zimakhala zamoyo pa ubweya wothothoka kwa miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka. Galuyo asambitsidwe thupi lonse kawiri pa sabata ndi sopo wokhala ndi miconazole ndi chlorhexidine, thovu likhale pathupi mphindi 10 lisanatsukidwe, osati kungopaka pa chigamba chooneka chokha, chifukwa njerezo zili pa ubweya wonse. Zigamba zikachuluka timaonjezera mankhwala akumwa monga itraconazole, terbinafine kapena griseofulvin kwa milungu ingapo, koma griseofulvin saperekedwa kwa galu wa bere chifukwa amalemaza ana m'mimba. Pansi pasesedwe kuti ubweya wonse uchoke, kenako pakolopedwe ndi Jik wosungunula, gawo limodzi ku magawo 10 a madzi, ndipo zogonera zichapidwe pazokha. Mphaka wa pakhomopo ayezedwenso, chifukwa amphaka ena amanyamula mafangasiwa popanda kuonetsa chigamba chilichonse. Mwana akatuluka chipere apite naye kuchipatala, makamaka chikakhala m'mutu, chifukwa cha m'mutu sichimva mafuta opaka okha.

Bambo a ku Mponela:
Ndamva, ndipo ndidzaitana alangizi kuti azibaya okha. Funso langa lomaliza ndi la dibi. Tikamasambitsa ng'ombe ndi mankhwala a nkhupakupa, madzi otsala timathira agalu. Kodi zimenezi zingathandize pa mphere? Komanso galu wanga wamkazi anaswa miyezi iwiri yapitayo ndipo ubweya ukungoyoyoka thupi lonse, koma khungu lili bwinobwino.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito:
Bambo, yambani mwawerenga dzina la mankhwala amene ali m'botolo la dibilo. Ngati ndi amitraz, amaphadi tizilombo ta mphere, koma mlingo wosungunulira wa galu uchokere kwa alangizi, osati kutengera wa ng'ombe. Asathiridwe pa tiagalu tosakwana miyezi inayi, pa galu wa bere kapena woyamwitsa, kapena pa galu wa zilonda zotseguka, ndipo wosambitsayo avale magolovesi, achitire panja, asalole galuyo kumwa madziwo kapena kudzinyambita asanaume. Munthu wodwala shuga asagwire ntchito imeneyi, chifukwa amitraz amakweza shuga m'magazi. Amphaka asathiridwe dibi la mtundu uliwonse, makamaka lokhala ndi permethrin, limene limawapha ngakhale atangogona pafupi ndi galu wonyowa. Mankhwala osungira chimanga ndi opopera m'munda asakhudze galu konse.

Za galu amene anaswayo musadandaule ngati khungu lilibe nkhanambo ndipo sakudzikanda. Bere ndi kuyamwitsa zimachititsa ubweya wambiri kusiya kukula nthawi imodzi, ndiye umadzayoyokera pamodzi pakapita mwezi umodzi kufikira itatu, ndipo watsopano umamera wokha. Muonjezereni usipa ndi mazira m'chakudya, mumupatse mankhwala a njoka za m'mimba pamodzi ndi ana akewo, ndipo dibilo limudikire mpaka ana ataleka kuyamwa.